Mbiri ya Mfuti ndi Makutu a Anthu m'Mapiri a Dedza

Ife amene tinakulira m'midzi ya kuno ku mapiri, kuyambira ku Linthipe kufikira ku Bembeke ndi ku Lobi, tikumbukira bwino akuruakuru ena amene anali ndi ulemu wao wa pa okha. Anthu anali kuwachula Akeyala, cifukwa pa unyamata wao anagwira nchito ya usilikari m'gulu lija la King's African Rifles. Pofika mwezi wa November, pa tsiku la kukumbukira akufa ku nkhondo, iwo anali kubvala mendulo zao pa cifuwa, naima ciriri, msana uli woongoka ngati wa mnyamata. Koma panali kanthu kena kamene ife ana tinali kuseka mobisa. Ukawapatsa moni uli kumbuyo kwao, sanali kuceuka. Pa bwalo la milandu anali kupendeketsa mutu, nachera khutu limodzi lokha, dzanja liri kuseri kwace. Ndipo m'nyumba ya mapemphero anali kuyamba nyimbo anzao atapita kale patsogolo. Polankhula anali kupfuula monga munthu woitana mnzace kutsidya kwa dambo. Ife tinkati, Ndi ukalamba umenewo. Ena ankati, Ndi ukali wa ku usilikari, safuna kuyankha anthu wamba.

Tsono cinenero cathu ciri ndi msampha pa nkhani imeneyi. Timati kumva ponena za khutu, timatinso kumva ponena za mwana womvera makolo, ndi kumva ponena za ululu wa m'thupi. Cotero munthu akalephera kulandira mau, ife tifulumira kumnena wosamva, ndipo dzina limeneli liri ndi citonzo m'kati mwace, monga ngati iye acita dala. Ambiri a akuru aja sanali kucita dala konse, ndiponso si ukalamba wokha umene unawatseka makutu. Anali olasidwa. Pakuti mfuti iri ndi mibvi iwiri: cipolopolo cipita kutsogolo kukafuna mdani kapena nyama, koma phokoso libwerera kwa woombayo ndi kwa onse oima pafupi naye. Bala la cipolopolo lioneka, likha mwazi, ndipo anthu alimanga ndi nsaru; bala la phokoso kawirikawiri liribe mwazi kapena ululu wokhalitsa, koma silipola. Tifuna tilondole mbiri ya bala limeneli, popeza mfuti zakhala zikulira m'mapiri muno pafupi zaka 150, ndipo masiku ano njira ya kulipewa idziwika.

Makolo athu Acewa anali anthu a uta ndi mibvi. Angoni a kwa Maseko, amene anadza kucokera kumwera, anali anthu a nthungo ndi cikopa. Ndipo atabwerako ku Songea, kutsidya kwa nyanja, m'dziko limene lero ndi Tanzania, anakhazikika pa phiri la Domwe ca m'ma 1870. Wowatsogolera pa ulendo uja anali Cidyaonga, ndipo dzina lace lokha litiuza kuti pa masiku amenewo onga wa mfuti unali utadziwika kale pakati pao. Koma eni mfuti eni eni anali Ayao ndi amalonda a ku gombe la nyanja yamcere, amene anali kugula mfuti ndi onga posinthanitsa ndi minyanga ya njobvu ndi akapolo. Pothawa nkhondo za masiku aja anthu ambiri anasiya midzi yao nakwera m'mapiri, monga anacitira anthu a Mazengera pa phiri la Nkhoma.

Mfuti za nthawi imeneyo ndizo zija timati gogodera, zimene kufikira lero zipezeka kwa alenje ena. Munthu anali kuthira onga kukamwa kwa mfuti, naikapo kansanza, nagogoda ndi kamtengo kacitsulo, naponyamo cipolopolo kapena zidutswa za citsulo. Muyeso wa onga unali m'maso mwa mwini wace. Wofuna kuopsa adani anali kuonjeza, pakuti pa nkhondo zija kulira kwa mfuti kunali kubalalitsa anthu koposa kulasa kwace. Atafa Cikuse mu 1891, mwana wace Gomani analimbana ndi Kacindamoto, wa banja la Cidyaonga, ndipo Ayao okhala ndi mfuti analowerera m'nkhondoyo; potsiriza pace Kacindamoto anatsikira ku Mtakataka, kumene mpando wace uli kufikira lero. Caka comweco ca 1891 Angerezi anatenga dziko, ndipo Harry Johnston anadza ndi asilikari a ku India, okhala ndi mfuti zolonga msanga ndi mizinga. Mu 1896 anagonjetsa Tambala, mfumu ya Ayao m'boma lomwe lino, ndipo caka comweco Gomani anagwidwa naomberedwa.

Anyamata ambiri a mitundu yomwe inagonjetsedwayo ndiwo anadzalembedwa usilikari wa Boma. Pa 1 January 1902 magulu a asilikari akuda a m'maiko a Angerezi a mbali ino ya Africa anaphatikizidwa pansi pa dzina la King's African Rifles, ndipo magulu awiri oyamba anali a ku Nyasaland. Itabuka nkhondo yaikuru ya 1914, dziko lathu linali pa malire eni eni ndi dziko la Ajeremani. Pa 13 August caka comweco sitima ya Guendolen inaomba mzinga pa sitima ya Ajeremani, dzina lace Hermann von Wissmann, ku Sphinxhafen, pa gombe la kum'mawa la nyanja yathu. Pa 9 September kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Ndipo kuyambira 1916 asilikari a General Northey analondola Ajeremani m'mapiri ndi m'madambo, kufikira von Lettow-Vorbeck anapereka zida zace ku Abercorn pa 25 November 1918. Olemba mbiri awerenga kuti amuna a dziko lino pafupi 19,000 anagwira mfuti, ndi ena pafupi 200,000 anasenza akatundu, ndiwo amtengatenga. Midzi ya kuno ku Dedza ndi ku Ncheu inapereka amuna ace ambiri.

Anthu athu anaipatsa nkhondo imeneyo dzina la Ciwaya, ndilo dzina la mfuti ija yolira kosalekeza, imene inali kuturutsa zipolopolo pafupi 500 pa mphindi imodzi. Yense amene anamva cimanga cirikuthetheka m'ciwaya pa moto sadzafunsa cifukwa ca dzinalo. Melvin Page, amene anayenda m'midzi m'zaka za m'ma 1970 kufunsa otsala a nkhondoyo, anapatsa buku lace dzina lomweli, The Chiwaya War. Tizindikire apa kuti dzina limene makolo athu anasankha si la njala kapena la nthenda, zingakhale izi zinapha amtengatenga ocuruka, koma la cinthu caphokoso. Ndilo linawatsalira m'mutu. Woomba ciwaya anali kukhala pansi, nkhope yace iri pafupi ndi mfutiyo, mnzace wa pambali alikugwira lamba wa zipolopolo, ndi osenza mabokosi alikukwawa kudza nazo zina. Ku Zomba kuli nsanja ya cikumbutso yolembedwa maina a asilikari amene anafa, ndipo nkoyenera ndithu. Koma wobwera kwao wamoyo, manja ndi miyendo ziri zamphumphu, anayesedwa wopulumuka wopanda cirema, angakhale sanamvenso bwino mau a ana ace kufikira imfa yace.

Kuti timvetse cimene cinacitika m'mitu ya anthu amenewa, tiyambe taona mapangidwe a khutu. Cimene tiona kunjaku ndi khomo cabe. Mau alowa pa kauna, nagunda kacikopa kopyapyala kokungika monga cikopa ca ng'oma. Kuseri kwa kacikopako kuli timafupa titatu, tating'ono koposa mafupa onse a m'thupi, timene tilandira kunjenjemerako ndi kukupereka m'kati. M'katimo, mobisika m'pfupa la mutu, muli kanthu kopindika monga cigoba ca nkhono, ukuru wace ngati njere ya nsawawa, kodzala ndi madzi. M'menemo mwandanda tizinthu tamoyo tating'onong'ono, timene madotolo amati maselo, pafupi 15,000 m'khutu limodzi, onse ali ndi tiubweya pamutu pao. Madzi akagwedezeka tiubweyato tiwerama, ndipo mtsempha utenga mthenga kunka nao ku ubongo. Sing'anga wa ku Italy, Alfonso Corti, ndiye anafotokoza malo amenewa mu 1851, ndipo achulidwa ndi dzina lace kufikira lero. Tsono cinthu coyenera kucisunga ndi ici: munthu abadwa nao maselo amenewa onse, ndipo ena akafa sameranso. Tsitsi limera, cikhadabo cimera, pfupa lothyoka lilumikizana, koma kumeneku kulibe kuphukira.

Ukuru wa phokoso uyesedwa ndi muyeso wa madesibelo. Kuceza kwa anthu awiri pakhonde kuli ngati madesibelo 60. Pofika pa 85 ngozi iyamba, ngati munthu akhala m'phokosolo maora 8 tsiku ndi tsiku. Muyeso umenewu sukwera monga tiwerengera mbuzi m'khola: kuonjeza 3 kokha ndiko kuwirikiza mphamvu ya phokoso kawiri, kotero kuti pa 88 nthawi yosaopsa itsika kufika maora 4, pa 91 maora 2, ndi pa 100 mphindi 15 zokha. Kupitirira 140, ngakhale kulira kumodzi kukhoza kuononga khutu la munthu wamkuru. Nanga mfuti? Mfuti ya usilikari kapena ya alenje ilira pakati pa 150 ndi 170 pa khutu la woombayo. M'khutu muli kamnofu kamene kakokera timafupa tija phokoso likakula, kuti kachinjirize za m'kati. Koma kulira kwa mfuti kudza ndi kutha m'kanthawi kocepa koposa kuphethira kwa diso, ndipo kamnofuko kadzidzimuka zinthu zitaonongeka kale. Tifanizire ndi munda wa mawere. Mbuzi ikadutsamo kamodzi, mapesi awerama nadzukanso m'mawa. Ikadutsa tsiku ndi tsiku pakhala njira. Koma mtengo ukagwerapo, zathera pomwepo. Cigayo ndico mbuzi ya tsiku ndi tsiku, mfuti ndiyo mtengo wakugwa.

Maselo oyamba kufa ndi aja omva mau ang'ono okwera, monga kulira kwa timba ndi mau a ana. Cifukwa cace wobvulala ndi mfuti sakhala wosamva kanthu konse. Amva kuti munthu alikulankhula, koma mau asokonezeka. Kusamba ndi kufamba zimveka cimodzimodzi, phala ndi khala zisiyana pang'ono pokha. Ndipo pa msika kapena pa maliro, pamene ambiri alankhula pamodzi, iye atayika konse. Apa ndipo pacokera mlandu uja wakuti, Agogo amamva zimene afuna okha. Cinanso cozizwitsa ndi cakuti woika mfuti yaitali pa phewa la kumanja ayamba kugontha khutu la kumanzere. Pakuti popenya cimene alinga apendeketsa mutu, khutu la kumanja libisala ku phewa, ndi la kumanzere litsala loyang'ana kukamwa kwa mfuti. Inu amene munawaona akuru aja, takumbukirani kuti ndi khutu liti limene anali kuchera pa bwalo. Ndipo pamwamba pa kugonthako pali kulira kwa m'makutu, monga nyenje za mwezi wa October, kumene kwa ena sikuleka usana ndi usiku. Ena amati khutu likalira ndiye kuti wina alikukunena kumbali. Koma kwa munthu wa mfuti ndico cizindikiro ca bala. Tiganizire mphindi ziwiri zija za kukhala cete pa tsiku la cikumbutso: kwa ena a iwo amene anaima patsogolo ndi mendulo zao, m'makutu simunati zii ngakhale pamenepo.

Tisayese kuti Azungu amene anadza nazo mfuti zazikuru anali anzeru pa nkhani imeneyi. Zoona, Ambroise Paré, sing'anga wa asilikari a ku France m'zaka za m'ma 1500, analemba kale kuti oomba mizinga agontha. Ndipo Bernardino Ramazzini wa ku Italy, polemba za nthenda za anchito kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700, anachula osula mkuwa amene anagontha ndi nyundo zao zomwe. Koma anadziwa osacitapo kanthu. Akuru a nkhondo ambiri anali kukhulupirira kuti khutu lizolowera, ndi kuti msilikari watsopano angofunika kumva mfuti kawirikawiri kuti makutu ace akhwime. Bodza limeneli likali moyo pakati pathu, pakuti timva alenje ndi anyamata a pa cigayo alikunena, Ine ndinazolowera, phokoso silindibvutanso. Inde silimubvuta, cifukwa maselo amene akadalimva anafa. Zotsekera m'makutu zinalipo ndithu pa masiku a Ciwaya. Ku Berlin, Maximilian Negwer anayamba mu 1907 kupanga timipira ta phula ndi thonje pa dzina la Ohropax, ndipo asilikari a Jeremani anatigwiritsa nchito ku Ulaya. Angerezi nao anali ndi zao za Mallock-Armstrong. Koma ngakhale ku Ulaya komweko ocuruka anamenya nkhondo makutu ali pululu, nanji msilikari wakuda ndi mtengatenga m'chire la Africa.

Nkhondo yaciwiri, ya 1939 kufikira 1945, inatenga ana a amuna aja a Ciwaya niwapititsa kutali koposa. Anamenyana ndi Ataliana ku Moyale mu July 1940, ndico cifukwa cace malo a asilikari a ku Mzuzu ali ndi dzina limenelo. Anafika ku Somaliland ndi ku Abyssinia, naoloka kunka ku Madagascar mu 1942. Ndipo mu 1944 anatsika cigwa ca Kabaw ku Burma, m'mvula ndi m'matope, kulondola Ajapani kufikira mtsinje wa Chindwin. Zida zinali zitakula: mizinga, mabomba a ndege, ndi timizinga tija tonyamula pamanja, timene woomba aima mutu uli pafupi ndi kukamwa kwace poponyamo bomba. Awa ndiwo Akeyala amene ife tinawapeza ali moyo. Pa nkhondo yomweyi, ku America, asilikari obwera ali ogontha anacuruka kotero kuti Boma lao linapatula malo m'zipatala zina kuti awathandize. Pa cipatala ca Deshon ku Pennsylvania panagwira nchito Raymond Carhart, amene ambiri amuyesa tate wa maphunziro a kuyesa makutu ndi kuthandiza ogontha. Cotero nzeru imene lero ithandiza mwana wogontha ndi nthenda kuno kwathu inakulira pa makutu a asilikari. Kufikira masiku ano, m'dziko lomwelo, kulira kwa m'makutu ndico cirema cimene asilikari opuma alandirira cithandizo ca Boma koposa zirema zina zonse.

Mfuti sizinaleke kulira m'mapiri muno pamene Azungu anacoka. Mseu wocokera ku Dedza kunka ku Ncheu uyenda pa malire eni eni, kotero kuti pa Lizulu kuoloka mseu ndiko kulowa m'dziko la Mozambique. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, makamaka kuyambira 1986, abale athu a ku Angonia anathawira kuno ambirimbiri, ndipo dziko lonse la Malawi linasunga othawa pafupi 1,000,000, kufikira mtendere unalembedwa ku Rome pa 4 October 1992. Pakati pao panali anthu amene bomba lokwiriridwa linaphulika pafupi nao, ndi anyamata amene anagwiritsidwa mfuti ya AK-47 asanamere ndebvu. Asilikari athu analonda njanji ya ku Nacala m'zaka zomwezo, ndipo kuyambira 2013 ambiri anatumidwa ku Congo pa nchito ya kusungitsa mtendere. Lero ana athu aphunzira usilikari ku Salima ndi upolisi ku Mtakataka. Ena ndi alonda a nkhalango ndi a nyama. Ena alonda masitolo m'mizinda ya kuno ndi ku Johannesburg. Ndipo m'midzi mukali alenje oingitsa nguluwe ndi anyani m'minda ya cimanga ndi kacewere. Kwa onsewa nkhani iyi si mbiri cabe.

Njira ya kupewa njapafupi, ndipo mtengo wace ngwocepa. Coyamba ndi zotsekera m'makutu zofewa, zonga siponji, zimene zinayamba kupangidwa ku America kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo zipezeka m'masitolo ogulitsa zipangizo za anchito. Zikabvalidwa bwino zicotsa madesibelo 20 kufikira 30. Koma ambiri azibvala molakwa, nangozikhazika pakhomo pa khutu monga duwa, ndipo potero sizithandiza kanthu. Kabvalidwe kace ndi aka. Ndi manja osamba, kafinyeni kacotsekerako ndi kukapota pakati pa zala kufikira kataonda ngati kamtengo. Pititsani dzanja lina pamwamba pa mutu, nimukokere khutu kumwamba ndi kumbuyo kuti njira iongoke. Lowetsani, nimugwirize ndi cala kufikira mutawerenga 30, kuti katupe ndi kudzaza njirayo. Mukalankhula, mau anu amveke ngati acokera m'mbiya. Caciwiri ndi zophimba khutu lonse, zonga zikho ziwiri zolumikizidwa ndi kauta ka pamutu. Pa mfuti yaikuru, kapena pa malo ophunzirira pamene ambiri aomba pamodzi, nkwabwino kubvala zonse ziwiri. Siziwirikiza citetezo kawiri, zionjeza ngati madesibelo 5 okha. Koma taona kale kuti pa muyeso uwu 5 si kanthu kakang'ono.

Thonje louma, limene ambiri alikhulupirira, licotsa pang'ono pokha, ndipo cinyengo cace ncakuti munthu ayesa wachinjirizika nayandikira mfuti koposa. Kansanza, pepala, kapena khoko la cipolopolo ziri comweco, ndipo zikhoza kulasa njira ya khutu. Wopezeka pafupi ndi mfuti wopanda cotsekera, akanikize ndi zala kanyama kaja kali pakhomo pa khutu, natseke nako zolimba. Zala zicita bwino koposa thonje. Malo naonso ali ndi kanthu. Woima pambali, kufupi ndi kukamwa kwa mfuti, akhoza kulandira phokoso loposa la woomba mwini. Kuomba m'nyumba, m'galimoto, kapena pakati pa matanthwe, monga acurukira kuno kwathu, kubweza phokoso kumutu. Kutalikira kuthandiza: poyera, kuwirikiza mtunda kawiri kucotsa madesibelo 6. Ana asayandikire konse. A World Health Organization aika malire a ana pa madesibelo 120, osati 140, ndiponso zotsekera za akuru siziwakwana bwino. Tanena izi poganizira mwambo wa kuomba mfuti pa maliro a msilikari, pamene ana akonda kuthamangira kutsogolo kuti aone.

Tidziwa cimene mlenje adzayankha. Adzati, Ndikatseka makutu ndidzamva bwanji nguluwe irikutswanya mapesi? Ndipo msilikari adzati, Ndidzamva bwanji lamulo la mkuru wanga, kapena mdani alikukwawa? Mau amenewa ali ndi nzeru, sitiwapeputsa. Koma zipolopolo zambiri zimene msilikari aomba pa moyo wace aziomba pophunzira, pamene palibe mdani womumvera. Ndipo mlenje wobisalira pa cisanja akhoza kutsekeratu khutu la kumanzere, natseka linalo poona nyama. Masiku ano ziriponso zotsekera zopangidwa mwaluso, zolola mau apansipansi kulowa koma zochinga phokoso ladzidzidzi; nza mtengo wapatali, koma ife tiyesa kuti ogula zida za asilikari ndi apolisi ayenera kuziwerengera pamodzi ndi nsapato ndi zisoti. Ndiponso mlenje amene akana kutseka makutu kuti amve nguluwe caka cino, ndiye amene sadzaimva konse zaka zirinkudza. Cotsala ndi manyazi, kuopa kuti anzako adzakuyesa wamantha. Koma akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Nanga zikacitika kale? Munthu akaomba mfuti namva makutu ali ngati atsekeka ndi madzi, kapena alikulira, acoke m'phokoso liri lonse, la mfuti, la cigayo, ngakhale la zokuzira mau za pa ukwati, tsiku lonse kapena masiku awiri. Kawirikawiri kumva kubwerera, koma kubwerera kumeneko kusatinyenge, pakuti pakhoza kutsala kanthu kotayika kamene mwini wace sakazindikira. Ngati kumva sikubwera pofika m'mawa mwace, kapena m'khutu muturuka mwazi kapena madzi, kapena munthu amva cizungulire, apite ku cipatala msanga, osadikira sabata. Pali mankhwala amene madotolo ayesa, koma akhoza kuthandiza m'masiku oyamba okha. Kacikopa ka ng'oma kakang'ambika ndi bomba, kawirikawiri kapola kokha m'masabata owerengeka, ngati khutu likhala louma. Cifukwa cace musathiremo mafuta, kapena madzi a masamba, kapena mkaka wa m'mawere, ndipo musatokosemo ndi nthenga kapena kamtengo. Zimenezi ziyambitsa mafinya m'malo amene akadapola.

Kwa amene anagontha kale, makina othandiza kumva sabweza maselo akufa, koma akuza mau kuti otsalawo awalandire, ndi kuti munthu acezenso ndi anzace. Kuyesa makutu kucitika pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi pa cipatala ca makutu ca African Bible College ku Lilongwe. Sikupweteka, munthu angobvala zomvera kumakutu nakweza dzanja pomva kulira. M'boma lathu lomwe lino, ku Mua, kuli sukulu ya ana a bvuto la kumva, ndipo aphunzitsi a kumeneko adziwa zambiri za kulankhulana ndi wogontha zimene ife m'midzi sitinaziphunzire. Zina nzosabvuta. Muyambe mwamkhudza pa phewa, kapena muime pamene akuonani. Nkhope yanu ikhale powala, pakuti iye awerenga milomo angakhale sadziwa kuti atero. Lankhulani pang'onopang'ono, osapfuula, popeza kupfuula kupotoza mau, ndipo kwa khutu lobvulala kuwawa. Mau akakanika, nenani ndi mau ena m'malo mwa kubwereza omwewo. Pa bwalo ndi m'nyumba ya mapemphero mpatseni malo a kutsogolo, khutu lace labwino liri ku mbali ya wolankhula, ndipo wolengeza nyimbo kapena tsiku la msonkhano alembenso pa bolodi.